Masamba Omaliza Ubwere Nawo

Chembe, Lachinayi masana

Rukiya mwanangu,

Salaamu aleikumu. Ndikulemba ndili kuseri kwa loji, pamwala uja timakhalapo tikamadikira kuti mashiti a pabedi aume. Iwe wapita kukatsanzika anzako a kumadrasa, ndiye ndati ndithamange nayo kalatayi usanabwere, chifukwa ukaima pamaso panga mawu amandithawa, ndimangokufunsa ngati wadya. Cholembera ndabwereka ku ofesi, pepala ndang'amba m'kope lako lakale la masamu. Zilembo zanga ukuzidziwa, ndi za munthu wolekeza sitandade sikisi, usaseke. Pamene ndalakwitsa ungodumpha, monga umachitira ukakumana ndi mawu ovuta a Chingerezi. Ndikamaliza ndiipinda, ndiilowetse mkati mwa hijabu yako yobiriwira pansi pa chikwama. Ukaipeza uli kale kutali, mwina mutadutsa Mwanza.

Mawa ukukwera basi ya ku Joni ndi azakhali ako a Mariamu, kupita kwa abambo ako. Ndinavomera ndekha, palibe anandigwira pakhosi. Akuti sukulu ya kumeneko ili ndi chipinda cha mabuku okhaokha, ndipo ine sindingatsekereze mwana amene amawerenga ngakhale pepala lokulungira zitumbuwa. Koma ndikuopa, Rukiya. Chitulukireni pasipoti yako, manthawo sanandichoke. Njira ndikuiopa, malire ndikuwaopa, chisanu cha kumeneko ndikuchiopa. Koma chachikulu ndi ichi. Anthu a kuno akapita ku Joni amayamba ndi kuimba foni tsiku lililonse. Kenako Lachisanu lokha. Kenako pa Idi. Kenako umangomva kwa obwera kuti tinamuona, ali bwino, wanenepa. Abambo ako anachoka iwe ukukwawa, ine ndili kamtsikana koti alendo ankayesa ndiwe mng'ono wanga, ndipo anayenda njira yomweyi. Sindikuwanena ayi, ndi abambo ako, lero akukumbukira, alhamdulillah. Ndikungoti njirayi ndikudziwa kumene imathera, ndipo sindikufuna kuti iwenso ndizingokumvera kwa anthu obwera.

Nzeru zambiri ndilibe. Zimene ndili nazo ndinazitola pophunthwa, ndiye ndikupatsa zomwezo.

Ukukumbuka mmene ndinapusira ndi mabuku a mu foni aja? Abambo ako atatumiza foni ija chaka chatha, iwe unatulukira kuti wayifayi ya alendo imafika mpaka kuno kuchingwe choyanika mashiti, bola munthu uime pafupi ndi thanki ya madzi. Unkabwera kuchokera kusukulu, kundithandiza kufinya, kenako n'kukaima pathanki foni m'mwamba ngati ukuitana bwato. Unandiuza kuti mu fonimo muli malo ogulitsa mabuku a nkhani za achinyamata, ndipo buku lililonse amakupatsa masamba oyamba ulere kuti uone ngati likukusangalatsa. Ine za masamba oyambazo sindinazimve, ndinangomva za ulere. Ndiye unkatiwerengera ine ndi a Joakina amene ndimachapa nawo, uku ukutembenuza m'Chichewa, pofika poseketsa n'kulowetsamo Chiyao. Nkhani ikungoyamba kukoma, wakuba wagwira kale zenera, iwe basi, yathera pomwepo. Mawa lake ina, chimodzimodzi. Ine ndinakhala nthawi ndithu ndikukhulupirira kuti anthu akunja nkhani zawo amazisiya choncho pakati. Mpaka tsiku lina ndinadandaulira a Joakina kuti anthu amenewa ndege anapanga koma kumaliza nthano kunawakanika. A Joakina anasiya kusita, n'kundiyang'ana.

"Make Rukiya, pamsika akakulawitsani mtedza ziwiri, mumati mlimiyo anakolola ziwiri zomwezo?"

Iwe unaseka mpaka unakhala pansi pamchenga, kenako unandionetsa pamene pamafunika kulipira kuti buku litseguke lonse. Kuyambira tsiku limenelo tinkangoti Rukiya tilawitse. Ndiye ndikuti, mwanangu, cholawa si chakudya. Zithunzi zija abambo ako amatumiza, za firiji, za sukulu ya kapinga wometa, za iwowo ataima pafupi ndi galimoto, amenewo ndi masamba oyamba. Mwina buku lonse lili choncho, inshallah. Koma sunaliwerenge, ndipo inenso sindinaliwerenge. Ukafika usadabwe ukapeza chipinda chili chaching'ono, galimoto ili ya abwana awo. Usawachititse manyazi, usafunse. Ungondiuza ine mmene zilili, osati mmene zimaonekera pachithunzi.

Nkhani ya usipa wa ku Msaka sindikudziwa ngati ndinakuuzapo yonse. Abambo ako atangosiya kuimba foni, ndinaganiza zoyamba geni. Ndinakubereka kumbuyo, ulendo wa ku Msaka, kukapikula usipa wouma. Ndinapeza bambo wina wa mano oyera, wanthabwala, anakuseweretsa iwe, ine n'kumanditcha bwana. Usipa wake pamwamba pa thumba unali waukuluukulu, wowala, wouma gwa. Ndinatolapo kamodzi, ndinalawa, ndinati ndi womwewu. Nditafika nawo pamsika ku boma, mayi woyamba kubwera sanayang'ane n'komwe pamwamba. Anakwinya mkono wa bulauzi, n'kupisa dzanja m'thumba mpaka m'chigongono. Chimene anatulutsa, Rukiya, chinali phala. Usipa wonyowa, wothyokathyoka, mchenga, ndi mphutsi zikuyenda. Sanandinyoze. Anangopukuta dzanja lake pachitenje n'kunena kuti mwana iwe, pamwamba ndi pa mwini thumba, pansi ndiye pako. Ndinabwerera pa matola ndikununkha, iwe ukulira kumbuyo, thumba ndinalisiyira agalu a pamsika.

Tsiku lina ndinakufunsa kuti nanga buku la mu foni umapisa bwanji dzanja, popeza wogulitsa ndiye wasankha poti ulawe. Yankho lako ndinalisunga. Unati chikuto suchikhulupirira, chifukwa pachikuto aliyense ndi wokongola. Unati mawu otamanda buku aja amalemba kumbuyo suwawerenga. Unati umamvetsera mmene anthu a m'nkhanimo akulankhulira, ngati akulankhula monga anthu enieni, ndipo umaona ngati wolemba akusamala za munthu wamng'ono, wogulitsa buledi kapena woyendetsa basi, kapena amangomudutsa. Ndinati mumtima, mwana uyu dzanja ali nalo. Ndiye dzanja lomwelo ukaligwiritse ntchito pa anthu. Kumeneko kukakhala anyamata, ndi azibambo omwe, oti adzakupatsa lifiti, adzakugulira bandulo, adzati Chingerezi chako n'chokoma. Ena adzalankhula Chiyao chathu chomwechi ndipo mtima wako udzasungunuka chifukwa cha kupukwa. Usayang'ane mmene akulankhulira ndi iwe, pamenepo ndi pamwamba pa thumba. Uyang'ane mmene akulankhulira ndi munthu amene alibe choti angawapatse. Pisa dzanja, Rukiya. Uli ndi zaka zomwe ine ndinali nazo pamene ndinalawa kamodzi n'kunena kuti ndi womwewu. Pisa dzanja.

Koma ndinalakwitsaponso kwina, mbali inayo, ndipo izi uzimvenso. A Joakina omwewa, amene lero umawatcha anganga, ine ndinkadana nawo. Nditangoyamba ntchito palojipa sankandiyankha moni. Shiti ndachapa bwinobwino, iwo kuiyang'anitsa padzuwa, n'kuibweza m'beseni. Ndinkati ndi nkhanza za anthu othawa nkhondo, poti makolo awo anachokera ku Mozambiki iwo ali mwana n'kukakhala ku Katuli. Ndinafika pofuna kusiya ntchito. Ndiye unadwala malungo aja anakugoneka kuchipatala. Ine ndinangothamanga nawe, osatsanzika aliyense, ndikudziwa kuti ntchito yatha basi. Utachira ndinabwera kuti ndingotenga ndowa yanga. Ndinapeza mashiti anga onse ali ochapa, osita, opinda, manja a mayi aja atasupuka ndi sopo. Abwana sanadziwe n'komwe kuti ine kunalibe. Ndinayamba kuthokoza, iwo anangoti nsalu ya pilo imayamba kuchapidwa kunsi, ukadali wosadziwa, tenga beseni. Ndi mmene tinayambira chibale.

Ndikunena izi chifukwa cha akazi a abambo ako. Sindinawaonepo, mawu awo ndinangowamva kamodzi chapatali pa foni akukalipira mwana. Mwina masiku oyamba adzakhala ouma. Ganiza, nyumba ndi yawo, ndipo mukulowa mtsikana wamkulu wa nkhope ya mkazi wina. Usawaweruze ndi tsamba loyamba. Uwapatse moni mwaulemu ngakhale asayankhe, mbale utsuke asanakutume, ana awo uwatenge ngati abale ako, pakuti ndi abale ako. Koma kumbukira kuti wapitira sukulu. Ukaona masabata akupita iwe uli ndi mwana kumbuyo, yunifolomu osaiona, akungoti mawa, mawa, undiuze msanga. Usandibisire poopa kuti ndidandaula. Kudandaula ndi ntchito yanga, ndinayamba usanabadwe. Ndipo zonsezi ndingazidziwe bwanji ngati suimba? Uziimba, mwanangu.

Tsopano ndifike pa chimene ndakhalira pamwala pano.

Buku lija la mtsikana wa masokosi. Dzina lake linkatipinda lilime, ndiye a Joakina anangomutcha Patuma wa kuchisanu. Tsiku loyamba kutiwerengera ine ndinatopa nalo. Tsamba lonse mtsikana akungolongedza chikwama, sokosi iyi ayike, iyi aichotse, mayi ake ali kukhitchini akutsuka kapu imodzi yomweyo osamaliza. Ndinati fufuta limenelo, likungodya malo mu foni, tipatse lija la wakuba. Iwe unakana, unati dikirani amayi. Ndiye zinadziwika kuti mtsikanayo akutumizidwa kwa bambo ake amene sakuwadziwa, kutauni ya kumapiri. Anakwera sitima yekha. Anafika, anapeza nyumba, anagogoda. Anamva mapazi akubwera mkati, loko akutembenuka. Basi, zolawa zathera pomwepo.

Tinamumalizira nkhani yake kangati pachingwe pano? A Joakina ankati watsegula ndi mkazi wonenepa wa ndodo m'manja, ndipo pomaliza Patuma akwatiwa ndi woyendetsa sitima, chifukwa kwa iwo nkhani yopanda ukwati ndi ndiwo zopanda mchere. Iwe unkati atsegula ndi bambo akewo, ali ndi maso ofanana ndi ake. Ine sindinkanena za chitseko. Ndinkangofunsa kuti nanga mayi uja wa kapu, wolemba abwereranso kwa iye? Inu munkandiseka kuti nkhani ndi ya mwana, si ya mayi. Nthawi imeneyo n'kuti abambo ako asanaimbe foni yokuitana. Sindikudziwa ngati Mulungu ankatikonzekeretsa kapena zinangochitika.

Abambo ako atakuitana, anakuuza kuti usankhiretu mabuku angapo, ukafika akakulipirira pa khadi lawo kuti atseguke onse. Sindinakuonepo utasangalala choncho. Masabata onsewa wakhala pathanki, kulawa ili, kulawa ilo, kufufuta, kubwezera. Dzana ndinakufunsa kuti watsala ndi ati. Unanditchulira la atsikana osewera mpira mobisa, la mnyamata wa pachilumba chomira, ndi lina la mizukwa ya pasukulu. Ndinati nanga Patuma?

"Lija n'lotopetsa, amayi. Munanena nokha."

Unanena ukuyang'ana mapegi, osati ine. Rukiya, ndinakubala ndine. Ndikudziwa kuti unandiona tsiku lija unaliwerenganso pasipoti itatuluka, pamene ndinapita kuseri kwa mashiti n'kukhalako nthawi yaitali ndikunamizira kuwongola makona. Unalichotsa kuti usandipweteke. Mtima umenewo ndauona ndipo ndathokoza. Koma walakwitsa, mwanangu, monga ndinalakwitsira ine pamene ndinati ulifufute. Libwezere. Pa mabuku onse, limenelo likhale loyamba kutsegulidwa. Ngati abambo ako anena kuti angokwanitsa limodzi, likhale limenelo. A mpira aja adikire.

Ndipo usaliwerenge wekha n'kungondiuza kuti linali bwino. Ndikufuna undiwerengere monga pachingwe pano, pang'onopang'ono. Lachisanu lililonse mukachoka ku swala kumzikiti, upeze pakona pabata, uwerenge masamba ochepa, undijambulire mawu m'Chichewa, utumize. Foni ukupita nayo iwe, koma ndapangana kale ndi a Joakina kuti uzitumiza pa yawo. Avomera. Akuti bola nawonso azimva, ndipo akuti mtsikanayo akapanda kukwatiwa pomaliza, iwe udzawabwezere batire lawo lonse limene latha. Usathamange nalo. Ukatopa, ngakhale tsamba limodzi. Ukakhala kuti walira tsiku limenelo, werenga choncho ndi mawu olirawo, usadikire kuti akhale bwino. Ine m'mawu ako ndidzamva zonse zimene sukunena, ngati wadya, ngati ukuzizidwa, ngati m'nyumbamo akukusunga bwino. Ukangoti muli bwanji amayi, ine ndili bwino, pamenepo wandipatsa pamwamba pa thumba. Koma ukamawerenga sutha kubisa, mawu ako amanjenjemera pamene pakukhudza. Ndi mmene ine ndidzapisire dzanja uli kutali.

Anthu amasiya kuimba chifukwa nkhani zimatha. Ndinaziona ndi abambo ako. Sikuti anasanduka oipa tsiku limodzi ayi. Tinkafunsana za mvula, za mwera, za amene wamwalira, kenako tinkangomva mpweya wa wina ndi mnzake mpaka mayunitsi kutha. Iwo za kuno zinawatalikira, ine za kumeneko sindinkazidziwa, ndiye panalibe pogwira. Ine ndi iwe tikhale ndi pogwira. Ngakhale tsiku limene udzaone kuti mayi ako ndi wakumudzi, sangamve za masitima a pansi ndi mashopu a magalasi, Patuma tidzakhala tikumudziwa tonse awiri.

Zina ndi izi, ndisanaiwale, dzuwa likupendeka ndipo mapilo sindinayambe. Pasipoti ikhale m'kathumba kaja ndakusokera, mkati mwa diresi, osati m'chikwama. Pamalire usatsike basi popanda azakhali ako, ngakhale kuchimbudzi mupite awiri. Munthu akakupempha kuti umunyamulire kaphukusi, ukane, ngakhale akhale gogo wolira. Juzi yofiira ija ndi yaikulu dala, udzakuliramo, usaisinthanitse. Masokosi ndakuikira onse, usandifunse chifukwa chake. Swala usasiye. Chakudya ukakayikira ngati chili halali, funsa, si manyazi. Usipa wokazinga uli m'chigubu chaching'ono ndi wa panjira, wa m'thumba ndi wa akazi a abambo ako, upereke ndi manja awiri. Umenewo ndapisa ndekha mpaka pansi, ulibe mchenga.

Chomaliza ndi chovuta, ndipo ndikudziwa amene ndikumupempha. Ndiwe uja sudikira mango kuti apse. Pansi pa tsamba mu foni pali kamzere kaja unandionetsa, kosonyeza pamene wafika m'buku. Ukadzaona kuti kayandikira kumapeto, kwatsala masamba ochepa, siya. Tseka. Yamba lina, la mpira lija, tizimvera limenelo. Koma masamba omaliza a Patuma usandijambulire, ndipo usawawerenge. Ubwere nawo. Kaya ndi holide ya chaka chamawa, kaya ndi chaka chinacho, ubwere nawo mu foni momwemo, udzakhale pamwala pano, a Joakina uko ndi simbi yawo, ine ndikufinya, udzatiwerengere ndi pakamwa pako. Pamenepo ndiye tidzadziwe ngati wolemba anabwerera kwa mayi uja wa kapu.

Ukadzalephera kupirira n'kuwerenga mobisa, usadzandiuze. Udzabwerebe, udzanamizire kudabwa. Ine ndidzadziwa, koma sindidzanena kanthu.

Nthawi yonseyi takhala anthu a masamba oyamba, mwanangu, ndipo sitinafe nazo. Ine kukhala ndi nkhani yosamalizika ndinazolowera, ya abambo ako ndakhala nayo zaka zonsezi. Ya Patuma ndikhoza kuidikira, ngakhale itenge nthawi yaitali bwanji, bola ndikudziwa kuti mathero ake ali m'thumba mwa mwana wanga ndipo iyeyo ali ndi ngongole yobwera nawo yekha.

Ndakuona watulukira pa mpanda, ukuyenda ukuyang'ana mu foni monga mwa masiku onse, ugunda thanki. Ndipinde msanga. Ukafika pano ndikufunsa ngati wadya, ndipo iwe uyankha kuti mwayambatu amayi. Zina zonse zili m'pepalali.

Allah akuyendetse, akufikitse, akubweze.

Ndine mayi ako,
Hawa